Jombo za Chidendene

Akapitawo anaima kumbuyo kwa amake mapasa kwa kanthawi ndithu, akutsokomola chifuwa chimene analibe. Amake mapasa anawamva koma sanacheuke. Anaviika bulashi m'chitini cha guluu, kupaka soli ya jombo, kuikankhira kwa mnzawo wa kumanja, n'kutenga ina. Pa tebulo la guluu munthu sacheuka chisawawa. Ukangophethira, jombo zimakuunjikira mpaka m'khosi.

"Mayi, akukufunani ku ofesi."

"Ndalakwanji?"

"Aaa, inunso! Munthu akaitanidwa ku ofesi ndiye kuti walakwa? Vulani epuloniyo, musambe m'manja. Abwana akuti mukamwe nawo tiyi."

Azimayi a patebulopo anayang'anana. Mmodzi wa iwo, amene anzake ankamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake panalibe chozimitsira, analankhulira m'chitini mwake.

"Tiyi wa abwana? Achemwali, musakamwetulire kwambiri. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi."

"Iwe Wailesi, tsiku lina ndidzakumata milomo ndi guluu yemweyo," anatero akapitawo.

"Sangagwire, akapitawo. Soli yomwe amaikana, ndiye milomo yanga?"

Tebulo lonse linasekera m'mimba. Amake mapasa okha sanaseke. Chimwalirireni mwamuna wawo kunkhondo, kuseka kunkawatopetsa kuposa ntchito.

Abwana, mwini wake wa fakitale ya nsapatoyo, anadzuka pampando n'kuwalandira pakhomo, chinthu chimene anali asanachitirepo munthu wa epuloni.

"Khalani, mayi, khalani. Shuga thirani nokha, musaope. Mukudziwa, amuna anu Chidendene anali mwana wa nyumba ino. Imfa yake inatipweteka tonse."

Amake mapasa anayang'ana m'kapu. Mwana wa nyumba ino! Bodza lina limafuna munthu wouma m'maso kuti alinene dzuwa likuswa mtengo.

Chidendene analowa pa fakitalepo ali mnyamata wosesa zidutswa za zikopa, ndipo anakulira pomwepo mpaka kukhala katswiri wokhomera zidendene za nsapato, kumene kunachokera dzina lakelo. Anali munthu wa manja akuluakulu, woimba mluzu wosalongosoka, wodya buledi wake choimirira ngati pali wina akumuthamangitsa. Akakumana ndi munthu ankayamba kumuyang'ana kumapazi, nkhope pambuyo. Tsiku limene anaonana koyamba ndi amake mapasa pa siteji ya basi sananene za chikondi ayi. Anangoti, "Chemwali, mumapondera kumbali. Mubweretse nsapatoyo mawa." Nsapato inapita, inabwerako, inapitanso, mpaka mwini wake anaitsatira.

Nkhondo itayamba, fakitale inapeza mwayi wopanga jombo za asilikali. Ntchito inachuluka, ndipo abwana anaona kuti ulusi ukuwachedwetsa. Analamula kuti soli zisamasokedwenso, zizingomatidwa ndi guluu basi. Aliyense anaona, aliyense anatseka pakamwa, kupatula Chidendene. Iye anazimitsa makina ake, kunyamula jombo m'mwamba, n'kunena pamaso pa anthu onse kuti jombo yopanda ulusi ndi yovala pojambulitsa, osati m'matope. Dzuwa lisanalowe anali kunja kwa geti.

Nyumba imene ankakhala inali ya kampani, ndipo lamulo linali loti m'nyumbamo muzikhala munthu wogwira ntchito pa fakitale. Choncho amake mapasa anameza manyazi, kupita kukapempha kwa akapitawo, ndipo anawaika pa tebulo la guluu ngati waganyu. Chidendene anayenda tauni yonse kufuna ntchito, koma mbiri ya munthu wapakamwa imafika pa geti mwini wake akadali m'njira. Kumene ankalemba anthu osafunsa mbiri kunali ku usilikali kokha. Sanapiteko chifukwa chokonda mfuti. Munthuyo ngakhale nkhuku ankaitumiza kwa aneba kuti akamuphere. Anapita chifukwa mapasa anali atayamba sukulu, ndipo ganyu ya mkazi wake sinkakwanira nyumba yonse. Kenako tsiku lina kunabwera asilikali awiri ovala bwino, zipewa zili m'manja, n'kunena kuti anafa ngati ngwazi ndipo anamuika konko.

"Lachisanu kukubwera akuluakulu a asilikali," anapitiriza abwana. "Akufuna kuona ngati angatipatsenso ntchito ina. Ife tatulutsa jombo yatsopano, ndiye taganiza zomulemekeza mnzathuyu. Jomboyo tiitcha Chidendene. Dzina tilemba pa khoma la pageti, chithunzi chake pambali. Inu mudzakwera pansanja, mudzapereka peyala yoyamba kwa mkulu wa asilikali, n'kunena mawu awiri atatu basi: kuti amuna anu anayenda ndi jombo zathu mpaka tsiku lomaliza."

"Yatsopanoyo ndi imene tikumata sabata inoyi? Ya ulusi wongojambula pamphira ija?"

Abwana anaseka. "Mayi, za umisiri tisiyireni ife. Inu mverani izi. Uganyu watha, tikulembani ntchito yokhazikika. Tikuchotsani ku guluu, mupite kolongedza, kopanda fungo. Nyumba ija mukhalamo mpaka ana akule." Anaima pang'ono n'kuwongola mapepala amene anali owongoka kale. "Paja nyumba zija ozifuna ndi ambiri. Kumusungira nyumba waganyu n'chifundo chabe."

Amake mapasa anamva zonse ziwiri, uchi ndi mbola yomwe. Anati akaganiza kaye, n'kutuluka tiyi asanamulawe.

Kunyumba anapeza apongozi awo, mayi a Chidendene, akusita mayunifolomu a mapasa. Mayiwa anali atasamukira m'nyumbamo chifereni mwana wawo, ndipo sanali munthu wozungulira polankhula. Anamva nkhani yonse simbi ili m'manja.

"Ndiye choganiza n'chiyani pamenepa? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwana wanga anapita, sabweranso. Ali moyowa akufuna denga. Dzina salifunda, amake mapasa."

"Anamuthamangitsa ngati galu, amayi."

"Ndikudziwa, sindinaiwale. Pakamwa pake pomwepo ndi pamene patifikitsa pano. Ndinamubereka ndine, koma chilungamo chakecho m'nyumba muno sitinachidyepo."

Amake mapasa ankadziwa kuti apongoziwo sankanama. Koma mawu ena a abwana anawakhala pakhosi: mpaka tsiku lomaliza. Tsiku lomalizalo iwo sankalidziwa. Anali asanafunsepo munthu, poopa kumva. Tsopano ankafunika kukalichitira umboni pansanja, ndipo mtima unakana kuchitira umboni chinthu chimene sanachimve n'komwe.

Ankadziwa kuti pa malo ogulitsira matabwa, kuseri kwa msika, pali mlonda wina wotsimphina amene anthu ankangomutchula kuti a Kopolo. Bamboyo anali gulu limodzi ndi Chidendene kunkhondo, ndipo amake mapasa anali atamulambalala kangapo konse. Mawa lake, pa nthawi ya nkhomaliro, anapita.

Anawapeza a Kopolo atakhala pa mulu wa matabwa, mwendo umodzi atauwongola. Atamva kuti mlendoyo ndi ndani, anavula chipewa n'kuyesa kuimirira.

"Alamu, ndinkadziwa kuti tsiku lina mudzafika. Ine kuti ndibwere kwanu, miyendo inkakana."

"Khalani, bambo. Ndiuzeni mmene anafera. Musandinyengerere ngati mwana. Za ungwazi ndinamva kale."

A Kopolo anaseka pang'ono, akupukusa mutu.

"Ungwazi? Amuna anu mfuti ankaigwira ngati khasu lobwereka. Akati awombere, malo abwino obisalapo anali pomwe walozapo. Koma gulu lonse linkamusunga ngati dzira. Mvula itayamba, alamu, jombo zinayamba kuseka. Soli kutseguka kutsogoloku, munthu ukuyenda ikungoti phwa, phwa. Ena ankamanga ndi waya, ena ndi nsanza. Iye anali ndi singano yake yaikulu, ulusi ankasolola ku matenti akutha. Tikaima kuti tipume, anzake tonse gone, iye ali khale, jombo pabondo, mluzu wake woipa uja ukutisowetsa tulo. Msoko uliwonse ankatukwana fakitale yanuyo. Ngakhale mkulu wa gulu lathu ankaima pamzere, jombo ili m'manja, kudikira ngati wina aliyense."

Amake mapasa anakhala pa thabwa. Mluzu uja anaumva ngati ukulira kuseri kwa mpanda.

"Tsiku limenelo tinkabwerera m'mbuyo, adani atatipanikiza. Matope mpaka m'mawondo, pansi pake miyala ndi zitsulo. Zanga zinali zatsopano, zongolandira kumene, iye asanazigwire. Zinatseguka zonse ziwiri, ina soli inatsala m'matope. Ndinayenda choncho mpaka phazi ili linang'ambika. Ndinakhala pansi, ndikuti basi, pitani anyamata, ine ndafika. Iye anabwerera. Anandilalatira, alamu, ine kopolo wake! Akuti, 'Mwapondera kumbali moyo wanu wonse, lero mukufuna kuferanso kumbali?' Anavula zake, zimene anali atasoka yekha, n'kundiveka. Anatola zanga, kufukula soli ija m'matope, akuti, 'Tsogolani, ndingogwirizitsa pang'ono, ndikupezani.' Anakhala kuseri kwa lole yakupsa. Sitinapite patali. Bomba linagwa pomwepo."

Kuseri kwa matabwa macheka ankalira.

"Kutakhala bata tinabwerera. Tinamupeza singano ikadali m'manja. Kumapazi kunalibe kanthu, alamu. Munthu amene anaveka gulu lonse tinamuika m'manda wopanda nsapato."

Amake mapasa anayang'ana manja awo. M'zikhadabo munali guluu wouma, uja sachoka ngakhale ndi palafini. Miyezi imeneyo iwo anali kale patebulo paja. Mwina soli imene inatsala m'matopeyo anaipaka ndi iwo, akufulumira kuti akapitawo asakalipe. Chisoni chimene anabwera nacho chinasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyowo unawaumitsa misozi. Anathokoza a Kopolo n'kubwerera ku ntchito belu lisanalire.

Masana omwewo anauza akapitawo kuti Lachisanu adzakwera pansanja.

"Mwaganiza ngati munthu wamkulu," anatero akapitawo, nkhope ili ngwee.

Amake mapasa anawapatsa akapitawo ndi chithunzi chomwe, chokhacho chimene Chidendene anajambulitsa ali msilikali, chipewa chikumugwera m'maso. Sanawauze apongozi awo zimene anamva kumatabwa. Chimene akanene pansanja iwo eni sankachidziwa bwinobwino. Ankangodziwa chimene sakanena.

Lachisanu fakitale inasamba. Pabwalo anathira miyala yatsopano, kukhoma tenti, kundandalika mipando. Pa khoma la pageti dzina linali litalembedwa ndi penti wofiira, zilembo zazitali kuposa mapasa: CHIDENDENE, ndipo pansi pake, JOMBO YA NGWAZI. Antchito anawaimika m'mizere atavala maepuloni ochapa. Apongozi ndi mapasa anawakhazika kutsogolo. Amake mapasa anawapatsa diresi lakuda ndi nsapato zatsopano, mphatso ya kampani.

Abwana analankhula nthawi yaitali, mpaka kupukuta m'maso ndi kansalu. Anati Chidendene anasiya ntchito pa fakitale chifukwa dziko linamuitana.

"Eee, linamuitanadi, mlonda atamugwira pakolala," ananong'ona Wailesi, kunong'ona kwake komveka mizere itatu kuja.

Ataitanidwa, amake mapasa anaimirira. Anayang'ana mapasa, atapesa bwino, miyendo ikulendewera pamipando ya akuluakulu, ndipo anaona bwinobwino zimene ankataya: zipinda ziwiri zosadontha, mpopi wa pakhomo, sukulu yongowoloka msewu. Mantha anali nawo, wina asaname. Komabe anawerama, kuvula nsapato zamphatsozo, kuziika bwinobwino pampando, n'kuyamba kuyenda. Miyala ija inali yakuthwa, yotentha ndi dzuwa, choncho ankayenda pang'onopang'ono, bwalo lonse likuwaona.

Akapitawo anawathamangira chowerama. "Mayi, nsapato! Mwaiwala nsapato!"

"Sindinaiwale."

Pansanja wina anawapatsa bokosi la jombo. Mkulu wa asilikali, bambo wa imvi za m'mbali, anatambasula manja kuti alandire, koma maso ake anali pansi.

"Mayi, zakuthinani nsapato?"

"Ayi, bambo. Ndabwera mmene amuna anga anapitira."

Chokuzira mawu chinali pafupi, ndipo mawuwo anamveka mpaka kumsewu. Iwo eni anadzidzimuka nawo, koma sanabwerere m'mbuyo.

"Andiuza kuti ndinene kuti anayenda ndi jombo za pano mpaka tsiku lomaliza. Sanayende nazo. Zake, zimene anasoka yekha, anaveka mnzake, iye n'kukhala pansi kusoka za pano zimene zinamatuka m'matope. Bomba linamupeza alibe nsapato. Pano anamuchotsa ntchito chifukwa ananena kuti zidzamatuka. Womata ndine, ndi manja awa. Zili m'bokosizi ndinamatanso ndine dzana."

Bokosilo analiika pansi, osati m'manja mwa mkuluyo. Kenako anatembenukira kwa abwana.

"Jombo zanu gulitsani, ogula agule, zimenezo n'zanu. Koma dzina la bambo a ana anga mulichotsepo. Munamuchotsa ntchito ali moyo. Simumulembanso ntchito atafa."

Wina anazimitsa chokuzira mawu, koma madzi anali atatayika kale. M'mizere ya antchito Wailesi anawerama n'kuvula nsapato imodzi. Anayang'ana uku ndi uku, anaona kuti ali yekha, n'kuivalanso mwakachetechete. Amake mapasa anamuona ndipo sanamuimbe mlandu. Nayenso anali ndi ana. Mkulu wa asilikali anati, "Pepani, mayi," n'kuyang'ana wotchi yake. Abwana anamwetulira ndi mano okha, kuuza alendo kuti chisoni chimasokoneza mutu, n'kuwatsogolera kukaona makina.

Zimene anakambirana m'katimo palibe anawauza amake mapasa. Makina sanaime, ndipo malole ankabwerabe kudzatenga jombo. Koma nkhani inayenda tauni yonse, moti anyamata a pamsika akaona munthu wa nsapato yoseka ankakuwa kuti, "Jombo ya ngwazi!" Lolemba mlonda anawaletsa pa geti. Akapitawo anatuluka n'kuwauza kuti ganyu yatha, ndipo nyumba ikufunika mwezi usanathe.

"Ndinakuchitirani chifundo ine, mayi. Ndiye mwapindula chiyani?"

"Epuloni yanu ndi iyi, akapitawo. Ndachapa."

Chichokereni ku mwambo uja apongozi sanalankhule nawo. Ankangokulunga mbale m'manyuzipepala, kumanga zofunda, nkhope ili gwa. Chete ameneyo ankawapweteka amake mapasa kuposa mawu a akapitawo, chifukwa ankadziwa kuti achotsa denga pamutu pa mayi wokalamba osamufunsa. Malo anapeza kwa mchemwali wa amake mapasa kuseri kwa njanji, chipinda chimodzi cha anthu anayi, ndipo kumene adzapeze ntchito sankakudziwa.

Tsiku losamuka anakweza katundu pa ngolo yokankha, mapasa atakhala pamwamba pa matiresi. Njira inali yodutsa pa geti la fakitale. Pamenepo panali munthu pa makwerero, chitini cha penti woyera chili m'manja, akufufuta dzina lija. Chithunzi chinali chikadali pakhoma.

"Taimani," anatero apongozi kwa wokankha ngolo.

Anapita kwa mlonda molunjika.

"Ndipatseni mwana wanga."

"Agogo, abwana sanalamule."

"Anamubereka ndi abwana?"

Mlondayo anayang'ana ku ofesi, kuyang'ana mayiwo, n'kukachotsa chithunzicho. Apongozi anachipukuta ndi mpango wawo n'kuchipanira m'khwapa. Atafika pa ngolo anaima pafupi ndi amake mapasa, maso ali kutsogolo.

"Mukanandiuza, mwana wanga," anatero. "Nanenso ndikanavula."

Apo ndi pamene misozi ija inabwera, ndipo amake mapasa anaisiya kuti itsike, pa geti pomwepo, antchito akusuzumira m'mawindo. Atapukuta m'maso anayang'ana kukhoma. Wopentayo anali atadutsitsa bulashi kamodzi, koma zilembo zofiira zinkaonekerabe pansi pa penti woyera.

"Achimwene!" anamuitana. "Mupake kawiri. Lisaonekere."

Wopentayo anaviikanso bulashi m'chitini, ndipo ngolo inanyamuka.